Tsitsi la a Nangozo

Kuli dziko lina lotchedwa Akutiakuti. Musandifunse kuti basi yake mumakwerera pati, chifukwa aliyense amene ndinamufunsa anandiuza kuti nayenso anangomva. Koma liliko ndithu, ndipo zimene ndikuuzenizi zinachitika kumeneko, akuti.

Ku Akutiakuti munthu salakwa. Ndikunena zoona. Mwana akalephera mayeso, si iye. Mayi akapsereza nyemba, si iwo. Bambo akagwa panjinga ataledzera, njinga siilakwa, mowa sulakwa, bamboyo ndiye ayi ndithu. Zonsezi amachita ndi Akuseri.

Akuseri ndi anthu okhala kuseri kwa phiri la Chitsekereza, phiri lalitali limene linaima pafupi ndi mzinda waukulu wa Mwamvazija. Palibe anawaonapo, komanso palibe anapitako, nanga ungapite bwanji kwa anthu oopsa choncho? Akalekale ankati Namalenga atatha kuumba anthu, dothi lotsala m'manja analisasira kuseri kwa phiri. Ndiye dothi lija linadzuka lokha, lopanda dalitso, n'kuyamba kuchitira nsanje anthu enieni. Nkhaniyi amayi ankaopsezera ana okana kusamba. Kenako kunabwera Mneneri Woonazonse wa Mpingo wa Diso Lotseguka, amene anati ayi, si dothi, ndi angelo amene anaterereka kumwamba n'kugwera mbali yolakwika ya phiri. Pomaliza kunabwera a kunyumba yachifumu. Iwo anati kaya dothi kaya angelo zilibe kanthu, chachikulu n'chakuti Akuseri ali ndi komiti, amakumana Lachinayi lililonse, ndipo ali ndi anthu awo obisala mumzinda momwemo.

Nkhanizi sizinkakangana ayi. Munthu mmodzi yemweyo ankaopseza mwana ndi dothi m'mawa, masana n'kukadzudzula angelo ogwa kutchalitchi, madzulo n'kumanong'oneza za komiti ali pampanda ndi mnzake.

Tsono kunali mwambo. M'mawa uliwonse munthu akasesa, ankanyamula zinyalala n'kukaziponya mungalande yaikulu imene imadutsa kumbuyo kwa msika wa Nong'onezani kulowera cha kuphiri. Poponyapo umayenera kukuwa kuti, "Tengani zanu!" Ankati tsoka lonse la pakhomo limakakamira ku zinyalala, ndiye madzi amalibwezera kwa eni ake. Kale zinalibe vuto, chifukwa zinyalala zake zinali masamba ndi makoko a nthochi. Koma masiku ano, abale inu! Majumbo, mabotolo, matewera, nsapato za mwendo umodzi, mpaka matiresi athunthu. Ngalande inadzaza moti mbuzi zinkawoloka osanyowa ziboda.

Mvula yoyamba itagwa, madzi anafika pangalande n'kupeza kuti njira palibe. Ndiye anangokhota n'kulowa mumsika ngati nawonso abwera kudzagula ndiwo. Tomato anayandama, makala anayandama, nkhuku za m'madengu zinaona mbali ya msika imene zinali zisanafikeko.

Mfumu Sindilakwa Wachitatu inaitanitsa nduna zake. Mfumuyi inali yaifupi, yonenepa bwino, ndipo inkavala mkanjo wautali woti ikakhota pakona, mkanjowo unkafika mochedwa. Agogo ake anali Sindilakwa, bambo ake Sindilakwa, ndiye mukuona nokha kuti kusalakwako sikunayambe dzulo.

"Madzi alowa mumsika mwanga," inatero mfumu. "Ndikufuna chifukwa, ndipo chikhale chachikulu. Chifukwa chaching'ono chimanyozetsa ufumu."

Anaimirira Olemekezeka a Lozani, Nduna ya Zifukwa. Anali bambo wowonda, wa suti yonyezimira, ndipo chala chawo chamkombaphala chinali chitatalika kuposa zinzake chifukwa choloza phiri tsiku ndi tsiku.

"Wamkulukulu, tafufuza mozama," anatero. "Madzi aja anachokera kuti? Kumitambo. Mitambo inatulukira kuti? Kuseri kwa phiri. Ine sindiwonjezerapo kanthu."

Nduna zonse zinaomba m'manja. Nduna ya Ngalande, imene inali isanaionepo ngalande chilowere ntchito, inaomba kuposa onse mpaka mphete inavuka.

Tsiku lomwelo asilikali anazungulira mzinda ndi chimkuzamawu. Lamulo linati popeza Akuseri ayamba okha, aliyense aziponya zinyalala m'mawa ndi madzulo omwe, ndipo azikuwa mokweza kuposa kale kuti uthenga ufike. Wopanda zinyalala akapemphe kwa mnzake. Wosasa mawu abwere ndi womukuwira.

"Bola," anatero mayi wina wogulitsa masamba, akufinya chitenje. "Kwa nthawi yoyamba boma latipempha chinthu chimene tili nacho."

Tsono apa m'pamene akulowa a Nangozo. A Nangozo ankagulitsa nyemba ndi mpunga pa benchi ya kumapeto, pafupi ndi ngalande. Anali mayi wamasiye, wa thupi labwino, woseka mokweza, ndipo chuma chawo chachikulu chinali tsitsi. Iii, tsitsi lija! Lakuda bii, lonyezimira, lofika m'mapewa. Ukawafunsa ankaligwedeza n'kunena kuti, "Lobadwa nalo ili, mwanawe. Kwathu tonse ndife otere." Ukakayikira ankalumbira mpaka kutchula manda a amayi awo. Koma musakauze munthu: inali wigi. Pansi pake panali titsitsi tochepa ngati udzu wa pabwalo la mpira m'mwezi wa Okutobala.

Ndiye panalinso a Tobiyasi, okonza maambulera pageti la msika, bambo wofatsa amene akazi awo anamwalira kalekale. Bamboyu anali atafunsira kale, ankhoswe atakumana, ukwati utangotsala pang'ono. Ndipo pofunsirapo, akuti mawu awo oyamba anali akuti, "Mayi, tsitsi lanulo limandisowetsa mtendere." Mwaliona vuto eti?

M'mawa wina, anthu asanachuluke, a Nangozo anapita kungalande ndi dengu la zinyalala pamutu. Pofuna kumvera lamulo bwinobwino, anakoka mpweya wambiri n'kuweramira kutsogolo mwamphamvu.

"Tengani zanu!"

Dengu linakhuthuka. Wigi, imene inali itakodwa kunsi kwa dengu, inapita nawo. Anaiona ndi maso awo ikutembenuzika m'malere ngati khwangwala woledzera, kenako phwa! m'matope, n'kumira pakati pa majumbo.

A Nangozo anayang'ana uku ndi uku, anamasula kansalu ka m'chiuno n'kumanga duku msangamsanga. Kenako anakatenga khasu. Anakumba m'mawa umenewo, anakumba mawa lake, anakumbabe masiku otsatira, akutulutsa majumbo ndi mabotolo n'kumaunjika pambali. Wigi sanaipeze. Koma mosadziwa anatsegula kanjira ka madzi kumbuyo kwa benchi yawo.

Mvula yachiwiri itabwera, msika wonse unamiranso. Benchi ya a Nangozo yokha ndi imene inatsala youma gwa, nyemba zili phee m'malichero ngati sizikudziwa chilichonse.

Moyang'anizana nawo munali amake Gelesomu, ogulitsa mchere ndi shuga. Inu mukudziwa zimene mchere ndi shuga zimachita zikakumana ndi madzi. Amake Gelesomu anatsala ndi matumba opanda kanthu, koma pakamwa pokha panali podzaza.

"Asisi," anatero akuyang'ana nyemba zouma zija, "mvula yakudumphani bwanji? Mumadziwana nayo?"

"Ndi chisomo chabe, amake Gelesomu."

"Chisomo chayamba kusankha benchi masiku ano eti? Nanga dukulo? Chikhalire sitinakuonenipo mutamanga duku, ngakhale pamaliro."

"Mutu ukundiwawa."

"Pepanitu. Nanga khasu lija ndi mankhwala a mutu?"

A Nangozo anayamba kusankha nyemba zosankha kale.

Pofika masana nkhani inali itazungulira msika wonse n'kubwerera itanenepa. Wogulitsa usipa anakumbukira kuti a Nangozo saoneka Lachinayi masana. Zoona zake ankakhala kunyumba atatseka chitseko, kudikira kuti wigi iume, koma izi ndani akanazidziwa? Wometa anakumbukira kuti sanawamvepo akuyetsemula. Wina anati amuna awo oyamba anamwalira chaka chimene mlatho unagwa. Mlatho ndi mwamuna, mwamuna ndi mlatho, mukuona? Aliyense ankati "mukuona?" ndipo aliyense ankaona. Amake Gelesomu ndi amene anamanga mfundo yomaliza: kukumbako ndiye kuti akutola mauthenga amene Akuseri amawatumizira kudzera mungalande, ndipo dukulo likubisa diso, pajatu Mneneri analalikira kuti anthu a komiti amamera diso pankhongo.

Dzuwa lisanalowe asilikali anabwera kudzawatenga.

Mlandu unazengedwa pabwalo la nyumba yachifumu. Mzinda wonse unabwera, ena atanyamula mipando, ena akugulitsa chimanga chootcha. Chilango chake aliyense ankachidziwa, chinakhazikitsidwa kalekale, chinkangodikira munthu: wopezeka kuti ndi Wakuseri amaperekezedwa mpaka pamwamba pa phiri n'kuuzidwa kuti atsikire mbali inayo, osabweranso. Benchi, nyumba, ukwati, zonse zimathera pomwepo. A Tobiyasi anakhala kutsogolo atakumbatira ambulera yothyoka, maso ali psuu.

A Lozani anakonza tayi. "Mayi, kodi ndinu Wakuseri?"

"Ayi, bwana."

A Lozani anatembenukira khamu. "Mwamva? Akana. Wakuseri weniweni akafunsidwa amatani?"

"Amakana!" linayankha bwalo lonse.

A Tobiyasi anakweza ambulera ngati mwana wa sukulu. "Pepani, bwana. Nanga umboni uli kuti?"

"Palibe, achimwene, ndipo n'chimene chikundiopsa ine. Munthu wamba akalakwa amasiya umboni. Amene sasiya ngakhale kachidutswa ndiye kuti anachita kuphunzitsidwa."

"Nanga akanakhala kuti asiya?"

"Ndiye bwenzi tili nawo umboni. Mukuona kuti mbali zonse zikugwirizana?"

Mneneri Woonazonse anadumpha n'kunena kuti zonsezi anaziona m'masomphenya chaka chatha, anangoiwala kunena chifukwa chotanganidwa.

Mfumu inali itayamba kumva njala, ndiye inafuna kufupikitsa. "Nkhaniyi ndi yosavuta. Mayi, masulani duku. Ngati kulibe diso, bwererani ku nyemba zanu."

A Nangozo anayang'ana khamu. Anaona amake Gelesomu atatambasula khosi ngati nkhuku yomwa madzi. Anaona amayi onse amene anawalumbirira manda a amayi awo. Anaona a Tobiyasi, munthu wosowa mtendere chifukwa cha tsitsi. Kenako anayang'ana phiri. Abale, phiri linaoneka labwinoko.

"Sindimasula," anatero. "Ndine Wakuseri."

Wogulitsa chimanga anasiya kukupiza moto. Mukudziwa, Akuseri ankatchulidwa tsiku lililonse mumzinda muja, koma wamoyo, woima ndi miyendo iwiri, wovomera yekha ndi pakamwa pake, anali asanaonekepo. A Lozani, amene theka la nkhani za komiti anapeka okha akusamba, anabwerera m'mbuyo. Ndiye kuti zinali zoona? Mfumu inasuntha pang'onopang'ono mpaka inapezeka ili kumbuyo kwa mpando wake, chisoti chokha chikuoneka. Mneneri anayamba pemphero, diso limodzi lili ku geti.

"Agwireni!" anatero a Lozani ndi mawu a mwanapiye.

Mkulu wa asilikali anati dzanja lake lachita dzanzi. Wachiwiri wake anati nayenso, manja onse awiri.

Kenako mayi wina anagwada. Mnzake anagwadanso. Posakhalitsa bwalo lonse linali pamawondo, ndipo anthu omwe aja amene ankakuwa kuti "amakana" anayamba kunena kuti, "Amayi, tikhululukireni, ife timangomva."

"Afunseni," inanong'ona mfumu kumbuyo kwa mpando, "anthu awowo akufuna chiyani?"

A Nangozo sanali munthu wa mapulani ambiri, koma chimene iwo ankafuna ankachidziwa bwino.

"Akuti atopa ndi zinyalala zanu," anatero. "Akuti mukachotse zonse mungalande, mpaka pansi penipeni. Ndipo..." anakhosomola pang'ono, "mukapeza kanthu kalikonse ka ubweya, musakayang'anitsitse. Mukakakulunge pansalu n'kubwera nako kwa ine. Ndi ka komiti."

Simunaonepo anthu akugwira ntchito ngati mmene anagwirira a ku Mwamvazija masiku amenewo. Makasu, mafosholo, mawilibala, ena ndi manja enieni. Nduna ya Ngalande inabwera nayonso, n'kufunsa anthu kuti chimenechi ndi chiyani. Mneneri anafika ndi kwaya, chiphunzitso atachikonza kale: Akuseri ndi angelo ogwa, inde, koma ogwa pang'ono. Amayi ankasiya mazira ndi nthochi pa benchi ya a Nangozo. Ena ankabwera ndi ana a chifuwa kuti awagwire pamutu. Amake Gelesomu anabweretsa nkhuku yathadzi, n'kuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kuyambira kale kuti asisi awo si munthu wamba.

Tinthu ta ubweya tinabwera tambirimbiri. Makoswe akufa, burashi ya nsapato, chipewa cha khanda, mchira wa mbuzi. A Nangozo ankatembenukira kukhoma, n'kutsegula nsalu iliyonse mtima uli m'mwamba, kenako n'kupukusa mutu.

"Si aka. Pitirizani."

A Tobiyasi okha ndi amene sanagwade. Ankangobwera n'kukhala kumapeto kwa benchi, akuwongola mawaya a ambulera.

"A Nangozo," anatero tsiku lina, "kodi kuseriko mvula imagwa?"

"Bwanji?"

"Ndimati ndidziwe ngati maambulera amathyokako. Akadzakuthamangitsani, ndidziwe zida zoti ndinyamule."

A Nangozo mtima unasungunuka kuposa shuga wa amake Gelesomu. Anatsegula pakamwa kuti anene zonse. Koma a Tobiyasi anausa moyo n'kuwonjezera kuti, "Kungoti ndalisowa tsitsi lija."

Pakamwa panatsekeka.

Amene anaipeza wigi ija ndi msilikali wina, pansi penipeni, pakamwa pa paipi yodutsa kunsi kwa msewu. Anaitukula ndi nsonga ya fosholo, yakuda, yamatope, ikudontha. Za nsalu anaiwala.

"Mayo ine! Chilombo!"

Anzake anathamangira n'kuimenya ndi zibonga mpaka anatsimikiza kuti yafa. Nthawi yomweyo paipi inatseguka, madzi onse anakokoloka, ndipo ngalande inaoneka pansi pake, chinthu chimene ana ambiri ankayesa nthano.

Mneneri anaizungulira, anainunkhiza, n'kulengeza kuti umenewu ndi mutu wa tcheyamani wa komiti ya Akuseri. Wina atafunsa chifukwa chake mkati mulibe kanthu, Mneneri anati atcheyamani ambiri ndi otero. Anaiika pa thireyi n'kuinyamula ndi nyimbo mpaka kunyumba yachifumu.

Mfumu itamva kuti tcheyamani wafa, inatuluka kumbuyo kwa mpando, kumene akuti inkadyera komweko, n'kulengeza kuti yapambana nkhondo. A Lozani chala chinawongoka.

"Wamkulukulu, poti mutu wawo tadula, mayi uja alibenso womuteteza. Akwere phiri lero lomwe."

Amene anapereka mazira anathamanga kukatenga mazira awo. Amake Gelesomu anakatenga nkhuku yawo, n'kufunsanso ngati inaikira.

A Nangozo anabwera nawonso pabwalo. Wigi inali patebulo, pa thireyi pake, ataitsuka kuti mfumu ione bwino mdani wake. Asilikali, dzanzi litatha, anawagwira mikono. A Tobiyasi anadzaima pambali pawo ndi kathumba ka zida ndi maambulera awiri.

"Khalani pansi, a Tobiyasi," anatero a Nangozo.

"Ndamanga kale katundu."

"Phiri lija, ndi mawondo anu omwewo? Masitepe a kutchalitchi okha mumachita kugwira khoma."

"Tizipuma."

A Nangozo anawayang'ana bamboyo, ndi nsapato zawo zothera mbali imodzi, ndi mawondo awo olira ngati chitseko. Anaona kuti munthuyu akafera pakati pa phiri ali chigwirire ambulera. Anapuma mozama.

"Tandisiyani kaye," anauza asilikali.

Anamasula duku. Dzuwa linawala pamutu. Diso kunalibe. Tsitsi nalonso, kunena zoona, kunalibe. Anayenda mpaka patebulo, anatola wigi, anaikutumula, n'kuivala. Inakwana ndendende.

"Si tcheyamani uyu," anatero. "Ndi wigi yanga. Ndinaigula pa kaunjika. Inagwera mungalande, ndiye ndimaifunafuna. Akuseri sindiwadziwa, ndipo Lachinayi ndimachapa. Basi. Sekani."

Palibe anaseka. Anthu anakhumudwa kwambiri. Akumba mpaka matuza, agwada, aimba nyimbo za mavesi ambirimbiri, zonsezi chifukwa cha wigi ya pa kaunjika? Nkhani yaing'ono chonchi inali yochititsa manyazi kuikhulupirira.

"Achita kuwauza kuti anene choncho," anatero wometa.

"Avala tcheyamani!" anakuwa wogulitsa usipa.

Amake Gelesomu anaimirira, nkhuku ili kukhwapa. "Zoti ndi wigi tonse timadziwa kuyambira kale, asisi, ngakhale ana a mkaka. Funso ndi lakuti, pa kaunjikapo anaiikapo ndani?"

A Nangozo anatsala kukamwa yasa. "Mumadziwa?"

Anatembenukira a Tobiyasi. A Tobiyasi anayang'ana nsapato zawo.

"Tsiku limene ndinkafunsira lija munaivala chammbali," anatero. "Koma imakukhalani."

Pamene awa ankayang'anana, a Lozani ankatuluka thukuta, chifukwa mutu wawo unali utayamba kuyenda wokha. Ngati ili ndi wigi, ndiye kuti tcheyamani kulibe. Ngati tcheyamani kulibe, ndiye kuti madzi anatsekedwa ndi zinyalala. Zinyalala anaponya ndi anthu. Anthu anawalamula ndi... Chala chija chinayamba kudzuka chokha, chikulunjika kumpando wachifumu. A Lozani anachigwira ndi dzanja linalo, anachikankhira m'thumba, n'kuthamangira kukanong'oneza mfumu.

Mfumu inamvetsera, maso akukula. Kenako inaimirira n'kudikira kuti mkanjo ufike.

"Anthu anga, mayiyu wasokonezeka ndi mantha, musamumvere. Zoona zake ndi izi. Ili ndi tsitsi lake lobadwa nalo. Akuseri analiba m'mawa wina, monga mmene amabera mvula tikaifuna n'kuibweza tikakhala kuti sitikuifuna. Atatero anamukakamiza kunena kuti ndi mnzawo. Koma ine, ndi asilikali anga olimba mtima, ndakalilanditsa n'kulibweza pamutu pa mwini wake, inu nonse mukuona. Mayiyu ndi womasuka. Ndipo kuyambira lero, aliyense wotchula mawu akuti wigi pafupi ndi mayiyu, tidziwa kumene amapita Lachinayi."

Nthungululu zake! Iyi tsono inali nkhani ya saizi yabwino, yoti munthu ukhoza kukafotokozera alendo. Mneneri anagwa pansi n'kudzuka, n'kunena kuti chimenechi ndi chozizwitsa cha kubwerera kwa tsitsi, ndipo amuna onse a dazi abwere Lamulungu m'mawa. A Nangozo anayesa kunena kuti "koma bwana," a Tobiyasi n'kuwatsina pamkono.

"Komanso," inatero mfumu, itakomedwa ndi m'manja, "akuba tsitsi sitingawasiye osalangidwa. Zinyalala zonse zimene munatulutsa zija, zibwerere mungalande. Atenge zawo."

Ukwati unachitika, ndipo unali wabwino. Mkwatibwi analowa m'tchalitchi tsitsi lili m'mapewa, lovomerezeka ndi boma, ndipo nyumba yachifumu inapereka msilikali woti aziima pafupi ndi benchi yawo kuti Akuseri asadzalibenso.

Mvula itabweranso, madzi analowa mumsika mwaulemu wake wonse, ndipo ulendo uno sanadumphe benchi ya munthu. A Nangozo ndi amake Gelesomu anapezeka atakwera pa tebulo limodzi, tomato akudutsa pansi pawo, msilikali ataima pa ndowa yovundikira pambali. Kunali mphepo. Amake Gelesomu anayang'ana mutu wa mnzawo nthawi yaitali. Anayang'ana msilikali.

"Asisi," anatero mwaulemu kwambiri, "tsitsi lanu lobadwa nalo latembenuka. Kutsogolo kuli kumbuyo."

A Nangozo analigwira ndi manja awiri n'kulizunguliza mpaka linakhala bwino.

"Anthu amenewa satopa," anatero akuyang'ana phiri.

"Satopa," anavomera amake Gelesomu.

Msilikali anagwedeza mutu n'kukonza mfuti.